Umboni Uli Kuti, Amayi?

Chingwe chotchajira foni yanga ndinachipeza chitaduka Loweruka m'mawa. Chinali pansi, kuseri kwa kabati, mbali imodzi ikadali pa soketi, inayo ili payokha. Dzulo lake madzulo ndinali nditaona mwana wanga wamwamuna, wa zaka 6, akudula mapepala ndi sizasi pafupi ndi pomwepo. Sindinataye nthawi ndi mafunso. Ndinamuitana, n'kumuonetsa chingwecho, n'kumuuza kuti wandikhumudwitsa. Iye anakana. Ndinamuuza kuti asawonjezere bodza pamwamba pa kulakwa. Anakananso, milomo ikunjenjemera, kenako anangoti zii, n'kukakhala pakona atakumbatira maondo.

Mlongo wake, wachisamba wanga, ali ndi zaka 9. Nthawi yonseyi anali phee, akungotiyang'ana. Kenako anatola chingwe chija n'kupita nacho pawindo pomwe panali kuwala. Anachitembenuza kangapo, n'kuchiyandikitsa kumaso mpaka kutsala pang'ono kukhudza mphuno. Atabwerera pomwe ndinaima, analankhula motsitsa mawu.

"Amayi, umboni uli kuti? Taonani bwinobwino. Sizasi sidula chonchi."

Ndinayang'ana, ndipo ankanena zoona. Sizasi ikadula pulasitiki imasiya mlomo wosalala, tiwaya tam'kati n'kuthera pamodzi. Apa pulasitiki inali yokukutidwa, yonyotsokanyotsoka, tiwaya tina tatitali, tina tatifupi. M'mbali mwake munali timizere tiwiritiwiri toyandikana, ngati wina wakandapo ndi singano ziwiri zomangidwa pamodzi. Titasuntha kabati tinapeza timanyi takuda ndi tizidutswa toyera ta pulasitiki titamwazika m'fumbi. Anali khoswe. Mano akutsogolo a khoswe ndi mbewa amakula moyo wawo wonse, n'chifukwa chake nyamazi zimangokhalira kukukuta chilichonse cholimba, ndipo timizere tiwiritiwiri tija ndi pomwe mano awiriwo anadutsa.

Ndinapita pakona paja n'kugwada kuti maso athu akumane. Ndinati, "Ndakulakwira, mwana wanga. Sunali iwe. Undikhululukire." Anagwedeza mutu, koma sanandiyandikire mpaka masana. Chinandipweteka kwambiri, ndipo chikundipwetekabe polemba pano, n'chakuti iye ananena zoona kawiri konse, ine osamumvera.

Funso la mtsikana uja sindinavutike kudziwa komwe analitenga. Kwa zaka ziwiri tsopano, madzulo ambiri tisanagone, timawerenga mabuku a ana omwe nyama zimafufuza milandu. Anatiyambitsa ndi iye mwini. Anabwera kuchokera ku laibulale ndi kabuku kachikale, kothothoka msana, komwe pachikuto panali mbewa itavala chipewa ndi chijasi. Ine ndinkaganiza kuti tiwerenga masiku atatu basi n'kubwerera ku nkhani zina. Mpaka lero sitinabwerere.

Kabukuko kanali Basil of Baker Street, komwe Eve Titus analemba ndipo kanatuluka mu 1958, zithunzi zake atajambula Paul Galdone. Basil ndi mbewa yomwe imakhala m'chipinda chapansi cha nyumba nambala 221B mumsewu wa Baker ku London, nyumba ya tekitivi wotchuka wa m'mabuku uja, Sherlock Holmes. Mbewayi imabisala n'kumamvetsera Holmes akamafunsa anthu mafunso, n'kumaphunzira ntchito. Tsiku lina tiana tiwiri ta mbewa, mapasa, tikusowa, ndipo Basil ndi mnzake Dr. Dawson akuyamba kutifunafuna. A Disney anatenga nkhani za mbewa yomweyi n'kupanga filimu yomwe inatuluka mu 1986, koma kwathu buku ndi lomwe linatigwira mtima. Ndimakumbukira mtsikana wanga atagwira dzanja langa kuti ndisatembenuze tsamba. Anati, "Dikirani kaye, Amayi, ndikufuna ndiganize ndekha." M'mabuku ena onse ankandifulumizitsa kuti tione mapeto. Apa, kwa nthawi yoyamba, anandiimitsa.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani nyama. Mabuku a ana ofufuza milandu omwe ofufuzawo ndi anthu alipo ambirimbiri, ena abwino kwambiri. Koma ana anga akapatsidwa mwayi wosankha, amathamangira mbewa, chule, galu kapena nkhumba. Ndikuganiza kuti chifukwa chimodzi ndi msinkhu. Mwana amaona dziko kuchokera pansi. Amadziwa zomwe zili kunsi kwa tebulo, amadziwa mng'alu womwe uli m'munsi mwa chitseko, amaona ndalama yomwe yagubudukira pansi pa mpando pomwe ife akuluakulu tikuyang'ana m'mwamba. Mbewa nayo imaona chimodzimodzi. Komanso nyama za m'mabukuwa nthawi zambiri zimadziwa zoona pomwe anthu a m'nyumbamo sakuzimva, ngakhale zitauwa kapena kulira bwanji. Mwana aliyense amachidziwa chimenecho. Mwana wanga wamwamuna anachidziwa Loweruka lija.

Chifukwa china ndi mantha. Kuba, kusowa kwa wina, usiku, mapazi a mlendo kuseri kwa nyumba, zonsezi ndi zinthu zolemera kwa mwana wa zaka 6. Zikachitikira gologolo, mwana amatha kuziyang'ana ali chapatali ndithu, mtima uli m'malo. Amachita mantha okwanira kuti amamatire kwa iwe, osati ofika pomulepheretsa tulo. Ndinayesapo kamodzi kuwawerengera nkhani yomwe wobedwa anali mwana wa munthu, ndipo wamng'onoyo anadzuka pakati pa usiku kukaona ngati chitseko chili chokhoma. Za mapasa a mbewa aja anadandaula, anafunsa mafunso, koma anagona tulo tofa nato.

Chosangalatsa n'chakuti nyama zakhala m'nkhani zofufuza milandu kuyambira pachiyambi penipeni, ngakhale m'mabuku a akuluakulu. Nkhani yomwe ambiri amaitenga ngati yoyamba ya mtundu umenewu inalembedwa ndi Edgar Allan Poe mu 1841, ndipo wopalamula wake sanali munthu, anali nyani wamkulu wa mtundu wa orangutan. Wofufuzayo anazindikira zimenezi poona ubweya womwe sunali tsitsi la munthu komanso kukula kwa zala zomwe zinasiya zizindikiro. Nkhani imeneyo si ya ana, ndipo sindingawawerengere panopa. Koma ina ya Arthur Conan Doyle, ya hatchi ya mpikisano yotchedwa Silver Blaze, yomwe inatuluka mu 1892, ndinawasimbira ndi pakamwa. Hatchi ikusowa usiku m'khola momwe munali galu wolondera. Holmes akuti chofunika kuchiganizira ndi zomwe galuyo anachita usikuwo. Ena akudabwa, poti galuyo sanachite kanthu. Pamenepo ndiye pagona nkhani. Galu sanauwe chifukwa amene analowa m'kholamo anali munthu yemwe amamudziwa. Nditafika apa mtsikana wanga anakhala tsonga pabedi, maso ali tong'o. Sankadziwa kuti chinthu chomwe sichinachitike chingakhalenso umboni. Kwa mlungu wathunthu ankayenda m'nyumba n'kumafunsa kuti, "N'chiyani chomwe chimayenera kukhala pano koma palibe?"

M'mabuku a ana, nyama yachoka pa malo a mboni kapena wopalamula, yakhala pa mpando wa wofufuza. Ndipo apa ndi pomwe ine ndimasiyanitsira buku labwino ndi longodzaza shelefu. Ndimafuna kuti nyamayo ikhalebe nyama. Mabuku ambiri amangotenga munthu, n'kumumeretsa ubweya ndi mchira, n'kumuveka chipewa, basi. Galu wa m'buku lotero amafunsa mafunso, amalemba m'kope, amakwera galimoto, koma sanunkhiza kanthu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ukamuchotsa n'kuikapo mbuzi kapena bakha, nkhani siisintha. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mlembi wotero wataya chuma chomwe chinali kale m'manja mwake. Mphuno ya galu ili ndi timaselo tomvera fungo tochuluka kwambiri, agalu ena mpaka 300 miliyoni, pomwe munthu ali nato cha m'ma 6 miliyoni. Galu akalowa m'chipinda amadziwa amene anadutsamo ndi komwe analowera. Mitundu ina ya akadzidzi ili ndi makutu osalingana, lina m'mwamba pang'ono, lina m'munsi, moti imatha kugwira mbewa mumdima wandiweyani pongomvera kutswatswata kwake. Njuchi imaona kuwala komwe maso athu saona, ndipo duwa lomwe kwa ife ndi la mtundu umodzi, kwa iyo lili ndi mizere yolozera pakati. Mlembi amene amadziwa zimenezi amapatsa tekitivi wake njira yakeyake yofikira pa choonadi, ndipo mwana amatuluka m'bukumo atadziwa kanthu kena koona kokhudza chilengedwe.

Ngakhale Holmes yemwe anafika pomwe nzeru zake zinafuna thandizo la mphuno. M'buku la 1890 lotchedwa The Sign of the Four anabwereka galu dzina lake Toby kuti atsatire fungo la mankhwala omwe wothawa wina anapondamo, ndipo galuyo anawatsogolera m'misewu ya London. Ana anga atamva zimenezi anakondwa kwambiri kuti munthu wanzeru chotero anafunika galu.

Chinthu chachiwiri chomwe ndimayang'ana ndi chilungamo cha mlembi kwa wowerenga. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, yemwenso ankalemba nkhani zofufuza milandu, anasindikiza malamulo 10 a nkhani zoterezi. Ena mwa malamulowo anatha ntchito ndi nthawi yake, koma limodzi ndimaligwiritsabe: chilichonse chomwe wofufuza wapeza, wowerenga achione nthawi yomweyo. Kwa ana lamuloli ndi lofunika kuposa kwa akuluakulu. Mwana akawerenga masamba 80 akusonkhanitsa zizindikiro, kenako pamapeto wofufuza n'kutulutsa m'thumba kalata yomwe palibe anaiona, mwanayo amamva kuti waberedwa. Ndinaziona ndi maso anga. Tinamaliza buku lina la mtundu umenewo, wakuba wake anali munthu yemwe anangotulukira balamanthu m'mutu womaliza, ndipo mtsikana wanga analitseka mwamphamvu n'kunena kuti, "Atinamiza." Sanalitsegulenso. Koma buku lachilungamo likatha, amabwerera m'mbuyo kufunafuna pomwe chizindikiro chinabisala, n'kuchipeza pachithunzi cha patsamba 12, kanthenga kakang'ono pansi pa mpando, ndipo amafuula kuti, "Kanali pompano nthawi yonseyi!" Kubwerera m'mbuyo kumeneko ndimakukonda kwambiri. Palibe amene wamutuma, koma mwana akuwerenga buku kachiwiri, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe chomwe chandipangitsa kulemba lero ndi china, chomwe ndinachimvetsa bwino pambuyo pa chingwe chija. M'nkhani za nyama, aliyense amabwera ndi mbiri yake kale. Mbuzi ikasowa, zala zonse zimaloza fisi. Nkhuku ikasowa, ndi nkhandwe. Mbalame ikafa, ndi mphaka. Mwana asanatsegule n'komwe buku amadziwa kale amene ayenera kumukayikira. Mlembi waulesi amangotsatira zomwezo: wakuba ndi nkhandwe, monga tinaganizira patsamba loyamba, ndipo mwana amatseka buku ataphunzira kuti nkhope ndi mtundu n'zokwanira kugamulira mlandu. Mabuku otero ndinasiya kuwabweretsa m'nyumba. Mlembi wabwino amatenga mbiri yomweyo n'kuisandutsa msampha, kuti mwana agweremo kaye, kenako adzuke yekha.

Buku lomwe linachita zimenezi bwino koposa kwa ife ndi lakale kwambiri, Freddy the Detective, lolembedwa ndi Walter R. Brooks ndipo linatuluka mu 1932. Freddy ndi nkhumba ya pafamu yomwe yawerenga nkhani za Holmes n'kuganiza zoyamba ntchito yofufuza milandu. Mlandu woyamba ndi wa sitima yachidole yomwe yasowa m'nyumba. Koma pakatikati pa buku nkhani imalemera. Mphaka wa pafamupo, Jinx, akuimbidwa mlandu wakupha khwangwala, ndipo zooneka ndi maso zikumutsutsa. Nyama zikukhazikitsa bwalo la milandu, tambala ndiye woweruza. Usiku womwe tinafika pamenepa ndinafunsa ana anga kuti akuganiza bwanji. Wamng'onoyo anayankha mosazengereza kuti, "Wapha ndi iyeyo, amphaka amadya mbalame." Wamkuluyo anakayika, koma analibe chifukwa chomveka. Mawa lake Freddy anaonetsa kuti zonse zinali zokonzedwa ndi makoswe pofuna kuchotsa mphaka yemwe ankawasowetsa mtendere. Mnyamata wanga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye akanamulanga osalakwa?" Ndinati inde, pakanapanda wina woyang'anitsitsa. Panthawiyo sindinkadziwa kuti patangotha miyezi yochepa iye mwini adzakhala pamalo a mphakayo, ine ndili pamalo a khamu lija.

(M'buku lomwelo muli kachigawo kena komwe ana anga amakakonda: nyama zikumanga ndende m'khola, koma m'ndendemo mukukoma kwambiri moti zina zikuyamba kupalamula dala kuti zitsekeredwe. Anaseka mpaka misozi, ndipo kenako tinakambirana kwa nthawi yaitali kuti chilango n'cha chiyani kwenikweni.)

Pali buku lina lomwe limaonetsa mbali yoopsa ya wofufuza mwiniwake. Bunnicula, la Deborah ndi James Howe, linatuluka mu 1979. Banja lina likupeza kakalulu m'nyumba yoonetsera mafilimu momwe munkaonetsedwa filimu ya Dracula, chilombo cha m'nthano choyamwa magazi a anthu, n'kukatengera kwawo. Posakhalitsa ndiwo zamasamba za m'khitchini zikuyamba kupezeka zitayera, madzi ake onse atayamwidwa. Mphaka wa m'nyumbamo, Chester, yemwe amawerenga kwambiri nkhani zoopsa, akutsimikiza mumtima kuti kakaluluko ndi chilombo chomwe chidzawononga banja lonse. Akukatsekereza kuti kasafike ku chakudya mpaka kakuyamba kudwala ndi njala. Wosimba nkhaniyi ndi galu, Harold, yemwe si wanzeru zakuya ngati mphakayo, koma ndi amene akuona kuti pamaso pake pali kanyama kakang'ono komwe kakuvutika ndipo sikanapweteke aliyense. Bukuli ndi loseketsa, ana amagubuduka nalo, koma ine limandikhudza pena. Chester amaona zizindikiro zenizeni. Cholakwika chake n'chakuti anagamula kale, ndipo chilichonse chomwe wapeza amachikokera ku chigamulo chakecho. Nditaona sizasi dzulo lake n'kuona chingwe choduka m'mawa, ndinachita zomwezo.

Mwa onse, tekitivi yemwe ndimamukonda kwambiri ndi chule wokalamba wotchedwa Gordon, wa mlembi wa ku Sweden, Ulf Nilsson, zithunzi zake zojambulidwa ndi Gitte Spee. Buku loyamba linatuluka m'Chiswidishi mu 2012. Gordon ndi wapolisi yekhayo m'nkhalango yonse, watopa, ndipo amaopa nkhandwe ngati wina aliyense. Ali ndi mfuti, koma imakhala yokhomeredwa m'kabati ya galasi ndipo safuna kuigwiritsa ntchito. Gologolo akubwera akulira kuti nkhokwe yake yaberedwa. Gordon akukabisala pafupi ndi mtengo momwe munali nkhokweyo m'nyengo yozizira kwambiri mpaka akuuma ndi chisanu, osatha kusuntha. Kenako akuona kambewa kakang'ono kakutuluka ndi njere imodzi. Wakuba uja wagwidwa, tingatero. Koma kambewako, m'malo mothawa, kakumuthandiza chuleyo, ndipo iye akuzindikira kuti kalibe kwawo, kalibe dzina, ndipo katenga njere imodziyo chifukwa cha njala. Sakukatsekera. Akukapatsa dzina ndi ntchito, kakukhala wothandizira wake, ndipo awiriwo akupitiriza kufunafuna amene anasesa nkhokwe yonse. Ndimakonda kuti Nilsson sanabise kuti kambewako kanatengadi chinthu cha mwini. Anangofuna kuti mwana afunsenso funso lachiwiri, lakuti chifukwa chiyani, ndiponso kuti asasenzetse wogwidwa ndi njere imodzi mlandu wa nkhokwe yathunthu. Chule ndi mbewa amakwanirana bwino: wina ali ndi zaka ndi kudekha, winayo amakwera mitengo ndipo mphuno yake ndi yakuthwa. Apa nyama zakhalabe nyama.

Si onse omwe ali ofatsa chonchi, ndipo sindikufuna kuti akhale otero onse. Mnyamata wanga amakonda Hank the Cowdog, galu wa John R. Erickson yemwe amadzitcha mkulu wa chitetezo pafamu ya ng'ombe ku Texas. Hank amadzitama, amalakwitsa kawirikawiri, ndipo mwana amazindikira zoona galuyo asanazindikire. Kwa mwana wa zaka 6, kudziwa chinthu wofufuza asanachidziwe ndi chimwemwe chachikulu. Amalumpha pabedi n'kumamukalipira galu wa m'buku kuti, "Ayi, si zimenezo!" Mtsikanayo anadutsa nyengo yokonda Chet Gecko, nalimata wa m'kalasi yemwe Bruce Hale anamuyambitsa mu 2000, koma mabuku amenewo amadalira kwambiri nthabwala zosewera ndi mawu, ndipo wamng'onoyo zambiri zinkamudutsa. Tinawasunga kuti adzawapeze akakula pang'ono.

Tsiku lina mtsikana wanga anandifunsa ngati Kalulu wa m'nthano angakhale tekitivi wabwino, poti ndi wochenjera kuposa nyama zonse. Ndinaliganizira funsolo kwa masiku. Ndinamuyankha kuti Kalulu amagwiritsa ntchito nzeru zake kuti abise, kuti mlandu ugwere wina iye apulumuke, pomwe wofufuza amagwiritsa ntchito nzeru zomwezo kuti avundukule. Iye anati ndiye kuti Kalulu ndi amene angakhale wovuta kwambiri kumugwira, ndipo wofufuza woyenera ndi Kamba, chifukwa amayenda pang'onopang'ono ndipo maso ake ali pafupi ndi nthaka. Anayamba kulemba nkhani yake m'kope. Ili pa tsamba lachisanu, ndipo sakundilola kuiwerenga isanathe.

Tili ndi kachitidwe kathu powerenga, komwe kanangoyamba kokha. Tikafika pomwe wofufuza watsala pang'ono kuulula, ndimatseka buku. Aliyense amanena amene akumuganizira, koma lamulo ndi lakuti dzina lokha silokwanira, uyenera kunena chomwe waona. "Ndikungomva choncho" saloledwa. "Akuoneka woipa" saloledwa. Poyamba wamng'onoyo ankakwiya nalo lamuloli, ankafuna kungotchula nkhandwe n'kumaliza. Pano amati, "Ndikuganiza kuti ndi bakha, chifukwa ananena kuti sanapite kudziwe koma mapazi ake anali onyowa." Nthawi zina amalondola, nthawi zina ayi. Akaphonya timabwerera limodzi kukaona pomwe njira inapatukira. Lamulo limeneli ndinaliika ndine, ndipo ndi lomwe mtsikana wanga anandikumbutsa atagwira chingwe m'manja.

Nkhani ya khoswe uja inali ndi mchira wake. Madzulo a tsiku lomwelo mtsikanayo anaoneka wosakondwa, ngakhale kuti ndi iye anapeza zoona. Nditamufunsa anati zikumuwawa kuti wolakwa anali wa mtundu wa Basil. M'maganizo mwake mbewa ndi makoswe anali atasanduka abwenzi. Mng'onoyo, yemwe anali atayambanso kulankhula nane, anati makoswe ndi oipa basi, ngati aja ananamizira mphaka. Ndinaona kuti onse awiri akufuna kugamula mtundu wonse, wina kuukweza, wina kuugwetsa. Ndiye ndinawauza za Magawa. Ameneyu sanali wa m'buku. Anali bwampini weniweni, yemwe anabadwira ndi kuphunzitsidwa ku Tanzania ndi bungwe la APOPO, lomwe limaphunzitsira makoswe akuluakuluwa ku Morogoro kuti azinunkhiza mabomba okwiriridwa pansi komanso matenda a chifuwa chachikulu m'makhololo a odwala. Magawa anakagwira ntchito ku Cambodia, komwe nkhondo zinasiya mabomba ambiri m'nthaka. Thupi la bwampini ndi lopepuka moti akaponda pa bomba siliphulika. Akamva fungo la onga amaima n'kukanda pansi, anthu n'kudziwa pokumba. Pa moyo wake anapeza mabomba ndi zida zina zophulika zoposa 100, ndipo mu 2020 bungwe losamalira nyama la PDSA la ku Britain linamupatsa mendulo yagolide, khoswe woyamba kuilandira. Anafa mu January 2022. Tinaona chithunzi chake pa intaneti, kamendulo kali pakhosi. Mnyamata wanga anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati mano a Magawa nawonso ankakula osaleka. Ndinati inde. Anati, "Ndiye naye akanatha kudula chingwe chanu." Ndinati akanatha ndithu, akanachipeza panjira yake.

Bowo lomwe khosweyo ankalowera tinalipeza m'munsi mwa khoma, kuseri kwa kabati komweko, ndipo tinalitseka. Chingwe chodukacho sindinachitaye. Mnyamata wanga anachipempha, ndipo anachimata ndi selotepi patsamba loyamba la kope lomwe mlongo wake anamugawira. Pansi pake anajambula mano awiri aakulu. Masamba otsatira ayamba kudzaza ndi mapazi. Waphunzira kuti phazi la galu limasiya zizindikiro za zikhadabo kutsogolo kwa zala, pomwe la mphaka silisiya, chifukwa mphaka amabweza zikhadabo zake akamayenda. Waphunzira kuti mbalame zina zimadumphadumpha, mapazi awiri n'kukhala moyandikana, pomwe zina zimayenda phazi limodzi kutsogolo kwa linzake.

Masiku atatu apitawa anapeza mapazi achilendo pafumbi la pawindo la kuchipinda kwawo, tizala titalitali tisanu, ndi kamzere kokhotakhota pakati. Mlongo wake akuti ndi buluzi, ndipo kamzereko ndi mchira. Iye akuti mwina, koma sanamuone buluziyo. Dzulo madzulo anasalaza fumbilo ndi chikhatho kuti mapazi atsopano adzaoneke bwino, ndipo anandipempha kuti ndisapukute pawindopo. Lero m'mawa anadzuka ine ndisanadzuke. Ndinamupeza ataima pampando, kope lili m'manja, nkhope ili pafupi ndi galasi, akuwerenga zala ndi nsonga ya pensulo.